Melekh ndi malki: mavawelo akusinthiranji?

Wophunzira: Akuluakulu, ndithandizeni. M'Chiheberi cha m'Baibulo mfumu ndi melekh, koma "mfumu yanga" ndi malki. Sefer, buku, limasanduka sifri. Kodi a ndi i amenewa akuchokera kuti? Pali lamulo, kapena n'kungoloweza?

Mphunzitsi: Lamulo lilipo, achimwene. Mainawa amatchedwa segolate, ndipo kalekale tsinde lawo linali malk, sifr, qudsh (la qodesh, chiyero). Mavawelo akumapeto atatayika, makonsonanti awiri anatsala ogundana, ndiye segol, e wamfupi uja, analowa pakati. N'chifukwa chake potchula mumatsindika phatikizo loyamba: MElekh. Mukaphatikiza -i kumapeto, segol safunikanso, tsinde lakale limabwerera: malki, sifri, qodshi (apa u anasanduka o). Akachuluka, ambiri amatsata njira imodzi, shewa (e wamfupi kwambiri) kenako qamets (a wautali): melakhim, sefarim.

Mlaliki: Aphunzitsi anena zoona, koma samalani. Ma segol awiri sakuuzani tsinde. Qever, manda, ndi tsedeq, chilungamo, amaoneka ngati melekh, komatu amakhala qivri ndi tsidqi. Choncho dzina lililonse lowezani pawiri, lokha komanso lili ndi -i. Malembo apakhosi nawonso, monga ayin ndi het, amakoka patah, a wamfupi, m'malo mwa segol: na'ar, mnyamata, ndi zera, mbewu.

Womasulira: Ndionjezeko za aneni, pakuti apa ndi pomwe ambiri amagwa. Kutsindika kukasunthira kumapeto, vawelo imodzi imafupika n'kukhala shewa, koma dzina ndi mneni sizitaya vawelo yomweyo. Dzina limataya yakutali: davar, mawu, amakhala devarim. Mneni wa Qal, mtundu wosavuta wa mneni, amataya yoyandikana ndi potsindika: katav, analemba, amakhala katevu, analemba ambiri. Ketavtem, munalemba, ndiye amatsata njira ya maina.

Zimenezi zimakhudza tanthauzo. Shamerah ndi "mkazi anasunga", pomwe shomrah ndi kupempha kuti "sungani", monga pa Salimo 25:20, shomrah nafshi, "sungani moyo wanga". Malembo ndi timadontho ta mavawelo n'zofanana ndendende, chifukwa Amasorete a ku Tiberias, alembi achiyuda amene anaika timadonthoti, ankalemba a wautali ndi o wamfupi ndi chizindikiro chimodzi. Yang'anani meteg, kamzere koimirira pambali pa qamets. Kakakhalapo, kawirikawiri ndi a. Koma musakadalire kokha. Mu Leningrad Codex, Baibulo la Chiheberi lolembedwa pamanja mu 1008, limene Baibulo losindikizidwa la BHS (Biblia Hebraica Stuttgartensia) limatsata, meteg sapezeka paliponse pamene mungamuyembekezere, ndiye chiganizo chonse chikuuzeni ngati wolankhula akusimba kapena akupempha.