CH₃ pa graphene: ZA ikutuluka ndi ma frequency a imaginary

kaboni_sp2: Akuluakulu, ndikufuna kuona pa kompyuta mmene CH₃ (gulu la methyl) yolumikizika pa graphene (kansalu ka kaboni kokhuthala atomu imodzi) imasinthira kunjenjemera kwa maatomu. Ndikugwiritsa ntchito mapulogalamu a VASP ndi Phonopy, supercell (cell ya graphene yobwerezedwa) ya 4×4, vacuum (mpata wopanda kanthu pamwamba pa graphene) ya 10 Å. Nthambi ya ZA (kunjenjemera kokwera ndi kutsika kwa kansalu ka graphene) ikutsika pansi pa ziro, kutanthauza ma frequency a imaginary, pafupi ndi Γ (mfundo ya pakati pa Brillouin zone). Kodi chalakwika n'chiyani?

mphonon: Yambani mwayesa graphene yopanda kanthu. Lattice constant ikhale pafupi ndi 2.46 Å, G band (mzere waukulu wa graphene mu Raman spectrum) ifike cha m'ma 1580 cm⁻¹. Izi zikapanda kutuluka, CH₃ musaiike kaye.

ZA ndi yofewa kwambiri, ndiye kakuphonya kochepa mu ma force kamaigwetsa. Relaxation muipitirize mpaka force iliyonse itsike pansi pa 10⁻³ eV/Å, ndipo EDIFF (malire a convergence ya energy mu VASP) ikhale 10⁻⁸ eV. Vacuum muikweze ifike 15 kapena 20 Å. Musakakamize graphene kukhala yafulati: kaboni yomwe yagwira CH₃ imasanduka sp3 (ya ma bond anayi) n'kutukuka pang'ono, ndipo ikakanizidwa kutero, ma frequency a imaginary amabwera basi. Mu Phonopy yatsaninso FC_SYMMETRY kuti acoustic sum rule itsatidwe.

Chomwe ambiri amaiwala ndi spin. CH₃ imodzi imachotsa orbital imodzi ya pz, ndipo pamatsala magnetic moment ya pafupifupi 1 μB. Mu VASP ikani ISPIN = 2 kuti spin iwerengedwe.

dokotala_raman: Ndionjezepo za kukula kwa cell. Mu 4×4 ma CH₃ amayandikana ndi zithunzi zawo za m'ma cell oyandikana nawo, pafupifupi 9.8 Å yokha. Tengani 6×6: maatomu 72 a kaboni kuphatikiza 4 a CH₃, onse 76, ma mode 228. Ubwino wake, popeza 6 amagawika ndi 3, mfundo ya K (ngodya ya Brillouin zone) imapindikira pa Γ, choncho mode ya A₁′ ya ku K mumaiona pomwepo.

Koma musayembekezere kuti D band (mzere wa Raman wosonyeza ma defect) ya 1350 cm⁻¹ ituluka yokha. Imachokera ku double resonance, malo ake amasuntha malinga ndi laser, ndipo GGA (njira yowerengera energy ya ma electron) siigwira bwino Kohn anomaly (kufewa kwa mode chifukwa cha ma electron) ya ku K.

mphonon: Zoona. Ndipo ngati mudzasinthira ku benzene kapena C₆₀, nkhani ndi ina. Izo sizipanga bond, zimangokhala pamwamba cha m'ma 3.3 Å, ndiye popanda D3 kapena vdW-DF (njira zowerengera mphamvu za van der Waals) mtunda umalakwika, ma mode otsika nawonso amalakwika. Cell ikakula kwambiri, pulogalamu ya molecular dynamics ya LAMMPS ndi potential ya AIREBO imathandiza: timestep isapose 0.5 fs chifukwa C–H imanjenjemera cha m'ma 2900 cm⁻¹, kenako muchite Fourier transform ya velocity autocorrelation.