Phiko linagwa mwadzidzidzi potera pa Mzuzu

Woyendetsa Cessna 172 (kandege kakang'ono ka injini imodzi): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. M'mawa uno potera pa Mzuzu ndinali pambuyo pa ndege ya injini ziwiri, yolemera kutali kuposa yanga. Chifunga chinali chitangochoka, mphepo kulibiretu. Nditatsala pang'ono kugunda pansi, phiko lakumanzere linangogwera m'munsi, ndege n'kupendekeka. Ndakhotetsera chiwongolero chonse kumanja, ndege osamva msanga. Ndinaonjezera moto n'kukwereranso. Chinali chiyani chimenechi?

Makaniko: Achimwene, zingwe za ma aileron, tizigawo ta kunsonga kwa mapiko topendeketsa ndege, ndaziona ndekha, zili bwinobwino. Ndege ilibe vuto.

Kaputeni wopuma: Mwana wanga, imeneyo ndi wake turbulence. Ndege ikamauluka, kunsonga kwa mapiko kumachoka akamvuluvulu awiri, ndipo amakula mphamvu ndege ikakhala yolemera koma ikuyenda pang'onopang'ono, monga imachitira potera. Amatsika mafiti 300 mpaka 500 pa mphindi, ndiye amene akubwera pambuyo chammunsi amalowa momwemo. Kukakhala bata ngati m'mawa uno sabalalika msanga. Iweyo unali pamwamba kapena pansi pa njira yake?

Woyendetsa Cessna 172: Pansi pang'ono, bambo. Ndimafuna kugunda koyambirira kwa runway, msewu woterapo ndege.

Mphunzitsi wa zouluka: Pamenepo mpamene panavuta. Timaphunzitsa kuti ukhale pamwamba pa njira imene wamkuluyo watsikira, ukatere kupitirira pamene iye anagunda, chifukwa akamvuluvuluwo amathera pomwe tayala lake lakutsogolo lafika pansi.

Kaputeni wopuma: Zoona amayi, koma malangizo amenewo amakoma ku Kamuzu International, kumene runway imapitirira makilomita 3. Ya Mzuzu ndi pafupifupi mamita 1,300 basi, pamalo okwera kuposa mamita 1,200, pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isanaime. Kupereka theka la runway yotere kuti upulumutse mphindi zochepa, ine sindingalole. Dikira. Yaing'ono yosaposa makilogalamu 7,000 ikamatera pambuyo pa yolemera kuposa pamenepo, mpata wake ndi mphindi 3.

Mphunzitsi wa zouluka: Ndavomera. Ndionjezere za kamphepo kofooka kochokera chakumbuyo cham'mbali, kamene ambiri amakaderera. Kamagwira kamvuluvulu mmodzi n'kumusunga pa runway pomwepo, kwinaku kakumukankhira kutsogolo kumene ukufuna kutera. Helikopita nayo osaiyandikira, imasiya akamvuluvulu ake.

Woyendetsa Cessna 172: Ndamva. Ndiye ndizitalikitsa downwind, gawo lija louluka cham'mbali mwa runway ndisanakhote kudzatera, ndiyambe kuwerenga nthawi yaikuluyo ikangogunda pansi?

Kaputeni wopuma: Eya, ndipo unene pa wailesi kuti ukutalikitsa, aliyense adziwe pamene uli. Mafuta a mphindi zimenezo uziwawerengeratu usananyamuke.