Gulu la a Malawi a ku Michiana (dera lozungulira South Bend, m'malire a Indiana ndi Michigan ku America): mabiliyoni a ku New Carlisle aja, ife tidyapo chani?

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Amene mukudziwa mundithandize. Ndalama zikutchulidwa ku New Carlisle zija, a Amazon akuti madola 11 biliyoni a ma data center (nyumba zodzaza makompyuta osunga data), a GM ndi Samsung SDI 3.5 biliyoni ya fakitale ya mabatire, nanga ife a shifiti ya usiku ku nursing home, kosamalira okalamba, tipezapo chani? Kutembenuza agogo kwandikwana, msana wayamba kudandaula. Mwezi wa mawa chipeleganyu chikugwera ine ndiye ndimati ndiyambe kageni

Bambo a Tadala: Mabiliyoniwo musawawerengere achemwali kkkk. Zambiri zikupita ku makompyuta ndi magetsi, eni akewo polengeza mu 2024 ananena ntchito za m'ma 1,000, ndiye muone, pa ndalama zonse zija. Pamene pali ndalama yoti ife tingaigwire ndi pa anthu akumangawo. Ine ndimatula katundu kumeneko ndi thiraki, 6 koloko m'mawa msewu uli thoo ma pickup a manambala a ku Texas, Kentucky, Ohio, anthu amenewo akugona m'mahotela ndi m'ma trailer, akudya za pa gas station, zovala zamatope alibe owachapira. Amene ali ndi chipinda chongokhala ku west side ayike bedi basi, alendi apezeka

Nabanda: Ndiye nsima ya nkhuku ndi mpunga wa nyemba m'ma lunch box, ndizikagulitsa pa geti, sizingayende?

Mayi a Chiso: Imani kaye pamenepo asisi. Lamulo la ku Indiana la ogulitsa zophika pakhomo analikulitsa mu July 2022, pano mutha kugulitsira pa Facebook ngakhale kukatula nokha, koma ndi zakudya zokhazo zosafuna fuliji. Mandasi, masikono, chigumu, mtedza wokazinga, zimenezo bho. Nkhuku, samusa wa nyama, mpunga wophika ayi, zimenezo zimafuna khitchini yoyenderedwa ndi a zaumoyo a St. Joseph County ndi permit yake. Za pakhomozo mumangofunika satifiketi ya food handler, ine ndinalemba ya ServSafe pa foni, ndiye pa paketi iliyonse pakhale dzina lanu, adiresi, zimene mwathiramo, tsiku lophika ndi mawu aja oti zapangidwa pakhomo boma silinayendere. Ndiye muzilemba zoona, mukathira mazira kapena mtedza mulembe, azungu ndi ma allergy awo si nkhani yosewera nayo

Achimwene a ku Elkhart: Mandasi azungu amadya eti

Mayi a Chiso: Amadya mpaka kufunsa ngati muli ndi a sinamoni kkkk. Koma makasitomala anga enieni ndi anzathu a ku Kenya, Zambia ndi Congo, ndi ana asukulu a ku Andrews ku Berrien Springs, kungoti kumeneko ndi Michigan, lamulo ndi lina, amabwera okha kudzatenga kuno

Malume Phiri: Ana inu ndakuwerengani nonse. Mzinda uno wa South Bend unadalirapo kampani imodzi ya magalimoto, Studebaker, inatseka mu December 1963 ndipo pamene ine ndimafika kuno mabwinja a fakitale yake anali akadali mbuu m'tauni. Za ku Elkhart ndiye ndinaziona ndi maso. Anyamata athu ankapanga ma RV, magalimoto okhala ndi pogona aja, kulowa 5 koloko m'mawa kuweruka masana, ndalama ya piece rate yabwino kuposa ya ena a madigiri, anagula magalimoto a ngongole. Pofika 2009 pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliyense analibe ntchito, mpaka Obama anabwera yekha mu February chaka chimenecho kudzalankhula. Zinabwerezanso posachedwapa, 2021 ma RV opitirira 600,000 anatuluka m'dziko muno, 2023 anatsika kufika m'ma 300,000, mashifiti kudulidwa. Ya mabatireyo nayo anaisuntha kale, mu 2024 ananena kuti iyamba 2027. Omangawo akamaliza azipita kwawo. Ndiye geni yambani Nabanda, ine sindikukaniza, koma baji ya CNA, ya ntchito yothandizira anamwino ija, musaitaye. Okalamba satha

Nabanda: Malume paja amati mapanga awiri avumbwitsa

Malume Phiri: Kumudzi zimenezo mwanawe. Kuno inshuwalansi ya chipatala ili pa ntchitoyo, mukaisiya ndiye mwana athyoke mkono ku mpira, bilu ya ku emergency idzadya mandasi a chaka chonse. Chepetsani maola, funsani kaye a HR kuti ochepetsetsa ndi angati kuti ma benefit asachoke

Sisi Tiya: Ine ndiyankhe za mapepala poti ndi zimene ndimapanga nthawi ya misonkho. LLC, kakampani kanu, mumalembetsa nokha pa INBiz, webusaiti ya boma la Indiana, ndi pafupifupi madola 100, musalipire munthu 500 kuti akudinireni mabatani. EIN, nambala ya msonkho ya bizinesi, ndi yaulere pa webusaiti ya IRS, bungwe la misonkho, YAULERE, amene akukulipiritsani ndi wakuba. Mukangolembetsa muyamba kulandira makalata ooneka ngati a boma, chidindo ndi chiwombankhanga pamwamba, akuti tumizani ndalama ya satifiketi yakuti kapena ya poster, werengani timalemba ta pansipo mupeza alemba okha kuti si a boma, ng'ambani. Ngati zogulitsa zanu zili za sales tax, kuno ndi 7 peresenti, mumatenga satifiketi ya retail merchant ya madola 25. Koma chimene chimaliritsa anthu athu mu April ndi ichi, ukamadzilemba wekha ntchito palibe akukudulira msonkho, self employment tax yokha ndi 15.3 peresenti, kuwonjezera wa federal, wa state ndi wa county, ndiye munthu wadya zonse, wina watumiza kumudzi kukagula malata, April wafika akuyamba kuimba mafoni ofuna ngongole. Tsegulani akaunti ina ya geni yokhayokha, ku credit union kulibe vuto, ndalama ikalowa patulani gawo tsiku lomwelo, muzilipira kanayi pa chaka

Bambo a Tadala: Ndipo ma mile muzilemba m'kabuku, amachotsera msonkho

Nasibeko: Mwaiwala mpira wa chiAmerika wa yunivesite ya Notre Dame anzanga. Bwalo lija limalowa anthu opitirira 77,000 pamene South Bend yense ndi anthu 103,000 ndi kakuti, magemu a pakhomo asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri pa season, nyumba iliyonse ya kufupi ndi Eddy Street imasanduka Airbnb, yobwereketsa alendo masiku ochepa. Ine ndi mlamu wanga timakonza nyumba zimenezo. Gemu ndi Loweruka, ife a Sabata sizitikhudza, timayala Lachisanu m'mawa ndiye Lamulungu 11 koloko akatuluka timalowa. Zimene umapeza mmenemo abale, zitini za mowa mpaka mu shawa, pizza pansi pa pilo, matawulo 20 onse onyowa mulu umodzi, koma mtengo timatchula pa nyumba osati pa ola ndipo eni ake ambiri amakhala ku Chicago, chimene amafuna ndi munthu woyankha foni ndi kutumiza zithunzi akamaliza. Mpamba wake ndi vacuum yabwino, mashiti anu a spare kuti musamadikire dryer, ndi inshuwalansi ya liability. Mwini nyumba wina anandinamizira kuti ndaswa TV, zinandipulumutsa ndi zithunzi zimene ndimajambula ndikangolowa ndisanagwire kanthu. January mpaka March kumazizira geniyo, mumadalira maofesi

Nabanda: Iyi ndiye yandigwira mtima, Lamulungu ndimakhala off. Nanga ya home care agency, yotumiza anthu kukasamalira okalamba pakhomo, imene aliyense akuikambayi?

Sisi Tiya: Ndalama ilimo koma si ya chipeleganyu chimodzi. Layisensi imachokera ku Indiana Department of Health, kenako kulembetsa ku Medicaid, inshuwalansi ya boma, ndiye chiyambire pulogalamu yake ya PathWays mu July 2024 za okalamba zimadutsa m'makampani a inshuwalansi, aliyense ndi mafomu ake. Malipiro akachedwa antchito anu sadikira, Lachisanu lawo ndi Lachisanu, ndiye mukhale ndi ya payroll ya miyezi ingapo pambali. Gwirizanani atatu anayi ndipo mulemberane, zachibale zija zisiyeni pa khomo

Kamnyamata ka IUSB: Pepani akuluakulu ndilowerere, ine ndili pa viza ya ophunzira ya F-1, ndingapange nawo zokonza nyumbazo kapena kutula zakudya pa DoorDash pa akaunti ya cousin wanga?

Malume Phiri: Ayi

Sisi Tiya: Ayi mphwanga, ngakhale ya cash. F-1 ndi ntchito ya pa campus maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, zakunja zimafuna chilolezo ngati CPT kapena OPT, za ntchito yogwirizana ndi maphunziro ako, ndipo chimadutsa ku ofesi ya international students. Akakugwira status yapita, ndipo cousin wakoyo naye akaunti amutsekera

Achimwene a ku Elkhart: Amene muli ndi green card ndipo manja ndi abwino, yesani apprenticeship ya zamagetsi ku IBEW Local 153, bungwe la ogwira ntchito zamagetsi, umaphunzira uku ukulipidwa ndipo ma data center amenewa ndi mawaya okhaokha. Pali mayeso a masamu ndi kuwerenga, algebra uja tinkathawa ku Form 3 wandipeza kuno. Koleji ya Ivy Tech nayo ili ndi makosi afupiafupi, mukafunse ku WorkOne, ofesi ya boma ya zantchito, ena boma limalipira

Mayi a Chiso: Nabanda musanagule chilichonse pitani ku Indiana SBDC, ofesi yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, uphungu ndi waulere, amakhala nanu pansi kuwerengera mitengo. Ine ndi amene anandionetsa kuti pa dazeni ya mandasi sindimawerengera mafuta agalimoto

Nabanda: Zikomo nonse. Nasibeko ndikuimbirani ndikaweruka 7 koloko, mundiuze za inshuwalansiyo

Nasibeko: Imbani 8, ndikhala ndikusiya ana ku basi. Gemu ya sabata ya mawa ndili ndi nyumba zinayi ndipo mlamu wapita ku Indianapolis, mubwere ndi magolovesi anu