Choswera mtedza cha ku Erzgebirge: mpini wathyoka pachikhomo, thupi lafumbwa, ndiyambire pati?

Kalipentala_Leeds

Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Pabenchi pali chidole choswera mtedza chooneka ngati mfumu, cha ku Erzgebirge ku Germany, 34 cm, thupi la mtengo wa spruce, mpini wotsegula ndi kutseka kukamwa wa mtengo wa beech, ndevu za ubweya wa kalulu. Pansi palibe sitampa kapena pepala. Mpini wathyoka ndendende pabowo la chikhomo. Wina anamatapo kale ndi PVA, guluu woyera wa matabwa, wambirimbiri mpaka kuyenderera mumpata wa kukamwa, ndipo sanalunzanitse bwino, mano am'munsi apendekera kumanzere 2 mm. Tsinde ndi miyendo zadzaza timabowo ta 1.5 mm, ndikagogoda ufa ukutsika. Penti yofiira ya jekete ikumatuka paphewa. Chikhomocho sindikuchiona, chabisala kuseri kwa mikono. Mwini wake akuchifuna Disembala isanafike. Ndiyambe ndi tizilombo, penti kapena mpini? Ndipo PVA ameneyu ndimuchotsa bwanji osawononga penti?

NyundoYaKale

Achimwene musadzivute. Palani guluu wakaleyo, pakani epokisi wa maola 24, osati wa mphindi 5, boolani mulowetse waya wa stainless wa 2 mm pakati, kilampu usiku wonse. Mpini ndi malo onyamula mphamvu. Basi.

Nachisale_Glasgow

Bambo aku Leeds, choyamba chichotseni pabenchipo, chisakhale pafupi ndi matabwa anu. Chachiwiri lekani kugogoda, penti yomwe ikumatukayo ikagwa sibwerera.

Ufa wotsika suonetsa kuti tizilombo tili moyo, ufa wakale umatsikanso. Upereseni ndi zala. Ukakhala wa njerenjere ngati mchenga ndi kachilombo kotchedwa Anobium punctatum, ndipo bowo lake limakhala 1 mpaka 2 mm monga mwanenamo. Ukakhala wosalala kwambiri ndi kachilombo kena, Lyctus, koma ameneyo sadya spruce. Onani m'mphepete mwa mabowo: atsopano ndi akuthwa, mkati moyera, akale amada. Vuto ndi loti mphutsi imatha kukhala mkati zaka 3 kapena 4 ndipo zazikulu zimatuluka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndiye nyengo ino simuona kachilombo kakuyenda ngakhale tilimo. Ingochitengani ngati chili ndi tizilombo.

Ndondomeko ndi iyi: penti, tizilombo, nkhuni yofumbwayo, mpini pomaliza. Penti poyamba chifukwa mukachikulunga isanagwire, muipeza m'thumba. Guluu wochokera ku nsomba ya sturgeon wa 3%, wofunda, kaburashi kakang'ono, mulowetse kunsi kwa chibenthu chilichonse. Dikirani pang'ono chifewe, kenako kanikizani ndi chala kudzera papepala la silicone. Mukakanikiza chili chouma chimasweka.

Wosema_Dedza

Kwathu kuno chosema chikafumbwa timachiika m'thumba lakuda n'kuchisiya padzuwa la Okutobala, kapena kuthira palafini m'mabowo ndi jekeseni. Sizingatheke pamenepo?

Nachisale_Glasgow

Pa chosema cha mlombwa chopanda penti mwina, achimwene, koma apa ayi. Kutentha kumaphadi, pa 55°C mphutsi ndi mazira zimafa, koma thupi la spruce likauma mwadzidzidzi limang'aluka motsata mpata wa mpini, pomwe nkhuni ndi yopyapyala kale. Guluu wa mikono ndi ndevu amafewanso. Palafini amayenda m'nkhuni n'kutulukira kunsi kwa penti ngati banga lakuda, ndipo pomwe walowa guluu sadzagwiranso.

Njira ndi ziwiri. Ya filiza: kulungani m'pepala lofewa lopanda asidi, thumba la pulasitiki lochindikala, tulutsani mpweya, matani. Filiza ikhale yozizira kale pa -20°C, chikhalemo masiku 14. Mukatulutsa musatsegule thumba kwa maola 24, kuti mame agwere kunja kwa thumba osati papenti. Koma pa chinthu chopentedwa chosakaniza nkhuni, chitsulo, ubweya ndi guluu, ine ndimakonda yochotsa oxygen: thumba losalowetsa mpweya la Escal kapena Marvelseal, timapaketi tomwa oxygen, kachizindikiro kosintha mtundu oxygen akatha, masiku 28 m'chipinda chotentha kupitirira 20°C. Thumba wamba la zipi limalowetsa mpweya, musataye nalo nthawi. Timapaketito timatentha tikayamba ntchito, tisakhudze chidolecho. Njira zonse ziwiri zimaphanso njenjete za m'ndevu.

Kalipentala_Leeds

Masiku 28 mayi?? Ndiye Disembala wapita. Nanga PVA uja?

Mmisiri_Jubeki

Muuzeni mwini wake adikire, mfumuyo sithawa.

PVA sasungunuka, amangofufuma. Thonje lonyowa ndi madzi ofunda, liikeni pamzere wothyokawo pokha, phimbani ndi kapulasitiki mphindi 20, ayera n'kukhala ngati labala, ndiye mumukoke ndi kansungwi kosongola kapena chotokosera mano. Bwerezani kangapo. Asetoni amachita msanga koma amasungunula vanishi wa shellac ndi wa nitro nthawi yomweyo. Madzinso ali ndi ngozi yake, zidole zambiri zakale za dera limenelo zili ndi penti yosakaniza ndi guluu, yomwe imachoka ndi madzi pomwe vanishi wapamwamba watha. Yesani kaye kunsi kwa tsinde ndi kathonje. Ngati muli ndi tochi ya UV walitsani mumdima, shellac amaoneka wa olenji.

Musapale ndi sandipepa pothyokapo. Timinyewa ta nkhuni tothyokato ndi tomwe timalowerana n'kubwezeretsa mano pamalo ake. Mukasalaza ndiye 2 mm ija yakhazikika. Komanso PVA achoke yense, guluu wachikopa sagwira pamwamba pake.

Za chikhomo: yang'anani mumpata ndi tochi, yesani ndi maginito. Nthawi zambiri chimadutsa thupi kuchokera mbali kupita mbali, mikono n'kuphimba nsonga zake. Mkono umodzi uyenera kuchoka. Ngati uli pa guluu wachikopa, madontho a mowa wa ethanol pamzere amamuumitsa n'kuthetheka, mkono umachoka pougwedeza pang'onopang'ono, osaupotoza, chifukwa mkati mumakhala kachikhomo kena. Koma ethanol naye amadya shellac, ndiye jekeseni ya singano yaing'ono ndi dzanja lokhazikika. Chikakhala msomali wadzimbiri, chikankheni ndi panchi yocheperapo kuchokera mbali inayo, thupi litagona pa nsalu yopinda.

NyundoYaKale

Zonsezo mwanena bwino koma pomaliza pake ndi epokisi. Pabowo la chikhomo nkhuni yotsala mbali iliyonse ndi 4 kapena 5 mm. Guluu wachikopa agwira chiyani pamenepo? Komanso sadzaza mpata. PVA akachoka pakhala tizigamba tosowa, muona.

Mmisiri_Jubeki

Akulu, guluu wachikopa pamalo oyera olowerana bwino amalimba kuposa nkhuni yomwe. Gawo limodzi la guluu, magawo awiri a madzi, poyeza kulemera, monga 10 g ndi 20 g. Aviike mpaka afufume, mtenthetseni m'botolo lokhala m'madzi a 60°C, asawire, akawira mphamvu yatha. Fundizani zidutswa zonse ziwiri kaye, apo ayi aundana musanalunzanitse, muli ndi mphindi imodzi yokha. Yesererani kumanga kouma musanapake. Kilampu yachitsulo ayi, mangani ndi lamba wa chubu cha njinga, maola 24. Amene manja ake ndi ochedwa atenge guluu wa nsomba wozizira, amapatsa nthawi.

Kuonda kwa pabowo mukunenako ndi zoona, koma mankhwala ake ndi kachigamba ka beech ka 3 mm kolowetsedwa kunsi kwa mpini kudutsa pothyokapo, mizere ya nkhuni itatsata utali wa mpini. Kunsiko sikuoneka.

Wosema_Dedza

Chikhomo chatsopano bwanji osasema cha phingo? Sichingathyoke.

Mmisiri_Jubeki

Vuto lake ndi lomwelo. Chikhomo cholimba kuposa mpini chimadya bowo, ndipo tsiku lomwe mwana adzakanikize mtedza, chothyoka chidzakhala mpini kapena thupi. Chikhomo chikhale chofooka pa zonse. Chakale chikakhala chabwino chibwezereni, dzimbiri lichoke, pakani sera pang'ono. Apo ayi beech, bowo la mpini likhale lotakasuka ndi theka la milimita, guluu kunsonga zokha.

Nachisale_Glasgow

Miyendo ndi tsinde musaiwale. Tizilombo tikafa, Paraloid B-72, mankhwala olimbitsa nkhuni yofumbwa, 5 g mu 100 ml ya asetoni, jekeseni bowo lililonse mpaka lileke kumwa. Mawa lake 10%. Mukayamba ndi wokhuthala amatseka pakamwa pa bowo, mkati n'kutsala ufa. Chidolecho chigone moti zotayikira zisayenderere papenti, ndipo dziwani kuti amatha kulowa bowo ili n'kutulukira lina kuseri. Nkhuni imaderako pang'ono, mwini wake adziwiretu. Mabowo tsekani ndi sera wa mtundu wofanana, kuti latsopano likadzatuluka lidzaoneke.

China: penti yofiira, yoyera ndi yachikasu pa zidole zakale imatha kukhala ndi mtovu, ndipo yobiriwira yowala ina ili ndi arsenic. Osapala, osauzira fumbi ndi pakamwa. Olivi oyilo kapena linseed wowalitsira ayi, amada n'kumanata fumbi.

Kabudula77

Pepani kulowerera, koma ntchito yonseyi ikuyenera chidolecho? Kusowa sitampa si umboni wa ukale. Mapepala amamatuka, ndipo zogulitsidwa mu Germany momwemo sizinkafunika chizindikiro cha dziko. Lamulo la Britain lomwe linabweretsa "Made in Germany" ndi la 1887. Za nthawi ya East Germany, 1949 mpaka 1990, zilipo zambiri m'misika ya zakale, zina zolembedwa dzina la malonda la Expertic, ndipo mitengo yake si yoopsa. Mtundu wa mfumu ndi msilikali umenewu unayamba kupangidwa wambiri cha m'ma 1870 ndi Wilhelm Füchtner ku Seiffen, mudzi wa ku Erzgebirge komweko, ndipo zoyambirirazo mapazi ake ankaumba ndi phala la ufa ndi guluu, osati nkhuni. Bambo aku Leeds, mapaziwo ndi a chiyani? Akakhala a phala, madzi asayandikire n'komwe.

Anthu amathamangira mafumu opentedwa koma kusema kwenikweni kuli pa za ku Brienz ku Switzerland, mitu ya zimbalangondo ndi agalu ya linden kapena walnut, maso agalasi, ndi za ku Val Gardena ku Italy. Pa zimenezo chenjerani ndi mabowo abodza. Bowo la kachilombo limakhota mkati, singano silowa patali. La chiboolero ndi lowongoka, onse saizi imodzi.

Nachisale_Glasgow

Zoona za mapazi. Ndipo zikatha zonse chisakhale pamwamba pa radiator yotenthetsa nyumba kapena pashelefu ya moto. Chinyezi cha 45 mpaka 55%. Nyumba za kuno nthawi yozizira zimatsika kufika m'ma 30, ming'alu yambiri imachokera pamenepo. Mwini wake auzidwenso kuti kuswa mtedza kwatha, ngakhale hazelnut imodzi.

NyundoYaKale

Mwamva nokha. Mukumuletsa kuswa mtedza chifukwa mukudziwa kuti guluu wanuyo sapirira. Wa epokisi ndi waya aswa.

Mmisiri_Jubeki

Aswa, kenako mpini uthyoka 5 mm pambali pa mzere wanuwo, waya n'kung'amba beech kutalika kwake, ndipo wodzakonza pambuyo panu alibe chochotsera epokisi koma kudula. Pomwe epokisi ndimamulola ndi podzaza chigamba chosowa, epokisi wa mtundu wosemeka akauma, ndipo pansi pake pakhale kaye guluu wachikopa kapena B-72 wouma kuti adzathe kumatuka.

NyundoYaKale

Ndiye epokisi yemweyo.

Wosema_Dedza

Mayi aku Glasgow, Paraloid ameneyu akhoza kugwira pa chigoba cha mtengo wofewa chomwe chafumbwa mkati monse? Ndipo asetoni wochotsera penti ya zikhadabo uja ndi yemweyo?

Nachisale_Glasgow

Wa zikhadabo ayi, amasakaniza mafuta ndi zonunkhiritsa. Funani weniweni kogulitsa penti kapena mankhwala a labu. Chigobacho chili ndi utoto wanji pamwamba?