Thandizeni: pulogalamu yaulere yoti izindidinira mabatani pa browser

Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita makamaka kwa inu amene mumalemba ma code.

M'mawa uliwonse ntchito yanga ndi imodzimodzi: kutsegula Chrome, kulowa pa webusayiti ina ndi password, kusankha tsiku la dzulo, kudina batani la download, kenako kukopera manambala a m'lipotilo n'kuwaika mu Excel. Malipoti ake ndi 14. Ndikamafika pa lomaliza maso amakhala akuwawa, ndipo sabata yatha ndinalumpha mzere umodzi osazindikira, mawerengero onse n'kusokonekera. Ndikufuna kompyuta izichita yokha zimenezi.

Chidacho chikhale chaulere komanso cha open source. Apa ndiye sindisintha maganizo, chifukwa password yanga izidutsa m'menemo, ndipo sindingaipereke kwa pulogalamu imene anthu sangathe kuona zomwe ikuchita mkati.

Ndawerengako za zida zitatu. Selenium ndi yakale, inayamba mu 2004, maphunziro ake ali mbwee pa intaneti. Puppeteer ya Google imafuna JavaScript ndi Node.js, zomwe ine sindizidziwa. Mtima wanga ukukokera ku Playwright ya Microsoft, yomwe inatuluka mu 2020, chifukwa imalola Python, amene ndimamudziwako pang'ono. Imayendetsa ma browser a Chromium, Firefox ndi WebKit, komanso ili ndi codegen: iwe ukamadina pa tsamba, iyo imakhala ikulemba code.

Loweruka ndinayesako Selenium. Script yanga (kapulogalamu kamene ndinalemba) inkathamangira batani tsamba lisanamalize kutseguka, n'kuima ndi uthenga wa NoSuchElementException, kutanthauza kuti batanilo silinapezeke. Ndinathira time.sleep(5) paliponse kuti izidikira masekondi asanu, zinayenda kawiri, koma intaneti itangochedwa pang'ono zonse zinagwanso. Kenako ndinamva za WebDriverWait, njira ya Selenium yodikirira batani, ndipo akuti Playwright imadikira yokha mpaka batani lioneke. Amene mwagwiritsapo ntchito zonse ziwiri, Selenium ndi Playwright, kusiyana kwake n'kokwanira kuti ndisiye zimene ndinayamba kale?

Chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi polowera. Webusayitiyo imatumiza nambala yachinsinsi pafoni. Sindikufuna kuzembera chitetezocho ayi, ndikungofuna kulowa ndekha kamodzi, kenako script ipitirize. Ndaona kuti Playwright imatha kusunga ma cookies (timauthenga tokumbutsa webusayiti kuti walowa kale) mu fayilo kudzera mu storage_state. Fayilo imeneyo mumaisunga pati kuti wina asaitole? Nanga password, mumaiika mu fayilo ya .env (fayilo yapadera yosungira zinsinsi kunja kwa code) kapena pali njira ina yabwino kuposa imeneyo?

Amene muli ndi script yomwe yakhala ikuyenda kwa miyezi ingapo, chonde ndiuzeniko zomwe munakumana nazo eni webusayiti atasintha maonekedwe a tsamba. Zikomo kwambiri.