Oxytocin akalephera kuletsa magazi mwa mayi wodwala khansa

Mzamba_Watsopano:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mayi akataya magazi atabereka timabaya oxytocin, chiberekero chimalimba, magazi n'kuleka. Nanga bwanji mwa mayi wa khansa ya khomo la chiberekero kapena ya mkati mwa chiberekero mankhwala omwewa sagwira? Kodi khansa imapha mnofu wa chiberekero?

Sisitala_wa_ku_Gynae:
Achemwali, oxytocin saletsa magazi payekha. Amakungitsa mnofu wa chiberekero, ndipo mnofuwo ndi umene umafinya mitsempha pamene panali nsengwa. Khomo la chiberekero lili ndi mnofu wochepa kwambiri, mbali yaikulu ndi collagen, ulusi wolimba umene sukungika. Chotupa chikamera pamenepo, mitsempha yake imakhala yofewa, imang'ambika mukangoikhudza, ndipo palibe choifinya. Mubaye oxytocin 10 IU, muwonjezere ergometrine (mankhwala ena okungitsa chiberekero), magazi azingotuluka.

Mukagwira pamimba n'kupeza chiberekero chili gwa koma magazi akupitirira, musawonjezere jekeseni. Lowetsani speculum, chipangizo chotsegulira njira ya abambo, muone khomo. Ngati pali chotupa chotuwa, chonyenyeka, tsekani ndi gozi mothinitsa, muwerenge zidutswa zimene mwalowetsa, muike kathita chifukwa gozi amapanikiza njira ya mkodzo. Tranexamic acid (mankhwala othandiza magazi kuundana) 1 g mumtsempha pang'onopang'ono kwa mphindi 10, diripi, kenako chipatala chachikulu msanga. Kuno kwathu khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka zedi, ndiye speculum isamasowe m'chipinda chochilira.

Dokotala_wa_Amayi:
Ndionjezepo za khansa ya mkati. Oxytocin amafuna malo ogwira pa maselo a mnofu, ndipo malowa amachuluka kwambiri mayi akakhala woyembekezera. Odwala khansayi ambiri anasiya kale kusamba, homoni ya estrogen ndi yochepa, mnofu unafota, ndiye jekeseni alibe pogwira. Chotupa chikalowa mu mnofu, malo amene chadya sakungikanso. N'chifukwa chake pofotokoza kukula kwa matendawa timayang'ana ngati chapyola theka la kukhuthala kwa mnofu. Radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza) ya m'chiuno nayonso imaumitsa mnofu ndi zipsera, magazi ofikako n'kuchepa.

Mphunzitsi_wa_Azamba:
Pena mnofu umamva mankhwala bwinobwino, ndipo ngozi imachokera pomwepo. Pa mimba ya molar, imene m'malo mwa mwana mumadzaza timatuza ngati mphesa, kukungitsa chiberekero musanachotse zonse kungakankhire maselowo m'mitsempha mpaka m'mapapo. Timayamba kuchotsa ndi suction (chipangizo choyamwa), oxytocin n'kubwera pambuyo, kupatula ngati magazi akuopseza moyo. Kuchotsa ndi misoprostol yekha, mapiritsi okungitsa chiberekero, ayi. Mukatero tsatirani hCG, homoni ya mimba, mpaka itatsika, chifukwa ikayamba kukwera mwina maselo otsala asanduka choriocarcinoma, khansa yochokera ku maselo a nsengwa, imene mankhwala a methotrexate amachiza bwino ikapezeka msanga.

Mayi woyembekezera amene ali ndi chotupa chooneka pakhomo, chonde musamuyambitse kubereka ndi misoprostol. Chiberekero chikankha, khomo louma silitseguka, ling'ambika. Ameneyo amabereka kudzera pa opaleshoni.