Kubowola titaniyamu pa lathe yaing'ono: madirilo akungondipsera

Wosema_Zolembera:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo titaniyamu. Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikupanga zolembera za brass (mkuwa wachikasu) ndi aluminiyamu pa lathe (makina osemera zitsulo pozizungulitsa) yanga yaing'ono, ndipo sindinakumanepo ndi vuto lalikulu. Sabata yatha ndinayesa kandodo ka titaniyamu wa mtundu wa Grade 5 konenepa mamilimita 12. Kusema kunja kunayenda bwino, ngakhale kuti kankanjenjemera cha kumapeto. Mavuto anayamba pobowola. Chubu cha inki cha mtundu wa Parker n'chotalika mamilimita 98, choncho chimafuna bowo lakuya, koma nditangolowa mamilimita 20 dirilo inayamba kulira, nsonga yake n'kusanduka yabuluu. Ndinamanga ina yatsopano, koma iyonso sinasunthe n'komwe. Makina ankazungulira ka 900 pa mphindi, ndipo ndinkakankha pang'onopang'ono poopa kuthyola. Kodi vuto ndi kuchepa mphamvu kwa makina, kapena ndi dzanja langa?

Mmisiri_Wakale:

Achimwene, makina anu alibe mlandu. Chimene chakupwetekani ndi liwiro komanso kukankha kwamantha kuja. Aluminiyamu ndi brass zimamwaza kutentha msanga, koma titaniyamu wa Grade 5, yemwe ali ndi magawo 6 pa 100 a aluminiyamu ndi 4 a vanadium, salola kutentha kuyenda m'thupi mwake, moti konse kumaunjikana pansonga ya dirilo mpaka nsongayo itafewa ndi kubuntha. Chachiwiri n'chakuti chitsulo chimenechi chikangokwechedwa m'malo modulidwa, pamwamba pake pamauma gwaa. Dirilo yoyamba itabuntha inasiya pansi pa bowo pouma, n'chifukwa chake yachiwiri inafikira pa mwala.

Tsitsani liwiro lifike pakati pa 300 ndi 400, koma dzanja likankhe molimba ndi mosalekeza, kuti nthawi zonse muziona zinyenyeswa zikutuluka. Mukafuna kupuma, tulutsani dirilo yonse. Musaisiye ikuzungulira itakhudza pansi ngakhale kwa kamphindi. Ndikudziwa kuti mtima umakana kukankha chinthu chimene chikulira, inenso ndinataya madirilo angapo ndisanamvetse zimenezi.

Kunjenjemera kuja kuli ndi chifukwa chake. Titaniyamu amapindika pafupifupi kawiri kuposa chitsulo wamba akakanikizidwa ndi mphamvu yofanana, kotero amathawa mpeni kenako n'kubwerera. Musatulutse kandodo katali kuchokera mu chuck (chogwirira kandodo pa lathe) popanda kukachirikiza ndi tailstock (chochirikizira cha kumapeto ena a lathe).

NyaZitsulo:

Ndikugwirizana ndi bambo ayankha pamwambapa, koma ndionjezere za dirilo yeniyeniyo. Gulani ya chitsulo chosakaniza ndi cobalt, ya mtundu wa M35 kapena M42, ya nsonga ya madigiri 135. Yambani ndi yaifupi kuti bowo liwongoke, ndipo yaitali ibwere pokhapokha yaifupiyo yafika pothera. Muzilowa mamilimita awiri kapena atatu, n'kutulutsa, n'kupukuta ndi kaburashi, n'kuthira mafuta odulira, kenako n'kubwereranso. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo bowo limodzi limadya nthawi yoposa imene mumathera pa cholembera chonse cha brass.

Komanso palibe chokukakamizani kubowola mamilimita 98 ulendo umodzi. Ine ndimagawa cholembera pawiri, thupi ndi mutu, ndipo thupilo ndimalibowola kuchokera mbali zonse ziwiri, kumbuyo n'kutsekako ndi kachivindikiro ka mazinga. Ena adzakuuzani kuti muyambe ndi Grade 2 poti ndi wofewa. Kufewa ndi wofewadi, koma amamatirira pampeni ngati phula ndipo amakalika msanga m'thumba, choncho ine ndinabwerera ku Grade 5.

Fundi_Wa_Mazinga:

Palibe amene watchula za moto, ndiye ndilankhulepo. Zinyenyeswa zopyapyala za titaniyamu, makamaka zija zonga ubweya zimene zimatuluka pomalizitsa, zimayaka ndi moto woyera wothobwa m'maso. Zinandichitikira kamodzi pamene mpeni wobuntha unathetheka, kamulu kamene kanali pansi pa chuck n'kuyaka nthawi yomweyo. Musathirepo madzi, chifukwa amangoukolezera. Khalani ndi ndowa ya mchenga wouma pafupi kapena chozimitsira moto wa zitsulo cha Class D, ndipo muzisesa zinyenyeswa zisanachuluke.

Mukadutsa pa bowo mudzakumana ndi mazinga. Titaniyamu akamangidwa pa titaniyamu mnzake amalumana, ndipo chivindikiro chimene chinalowa bwino lero chikhoza kukana kumasuka mawa. Dulani mazinga akunja ndi mpeni wa nsonga imodzi pa lathe pomwepo, asakhale othina, ndipo mupakepo timafuta toletsa kulumana. Ngati kaonekedwe kakulolani, mbali imodzi ikhale ya brass. Pa mazinga a m'kati, kulitsani bowo pang'ono kuposa mmene tchati cha miyeso ya tap (chida chodulira mazinga amenewa) chikunenera, pakuti tap ikathyokera m'kati ndiye kuti ntchito yonse yapita kudzala.

Wosema_Zolembera:

Zikomo kwambiri nonsenu. Dzulo ndinadula mbali youma ija n'kuitaya, ndipo ndinayambanso ndi dirilo ya cobalt pa liwiro la 350. Ndalowa mamilimita 45 mbali imodzi, dirilo ikadali yakuthwa, ndipo zinyenyeswa zikutuluka zopotana, zosapsa. Ndowa ya mchenga ili kale pansi pa tebulo. Mayi NyaZitsulo, mukamabowola mbali zonse ziwiri, mumatani kuti mabowowo akumane ndendende pakati osasiya kampanda kokola chubu cha inki?

NyaZitsulo:

Gwiritsani ntchito collet (chogwirira chimene chimafinya kandodo mbali zonse) m'malo mwa chuck ya mano atatu, popeza imagwira kandodo pakatikati penipeni mukakatembenuza. Mabowo akakumana, pititsanimo reamer (chida chosalazira bowo) yaitali kuchokera mbali imodzi, pa liwiro lotsika ndi mafuta ambiri, ndipo poitulutsa musaizungulitse chobwerera m'mbuyo.